Chitenje changa chinatsala ku Kepi

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi achimwene athu a Lusiyano, omwe amalondera sitolo ina pa Balaka. Anatulukira kwathu kwa Kawinga Loweruka lina mu Okutobala, ine ndikusosa m'munda. Sanadikire n'komwe kuti ndikawayalire mphasa. Anangoima pamzere, chipewa chili m'manja.

"Chemwali, Feli waimba foni. Akuti ana apite."

"Apite kuti?"

Ndimadziwa kumene amanena, koma ndinafunsabe.

"Kwa mayi wawo, nanganso kuti? Matikiti a ndege agula okha. Wowaperekeza ndinu, poti anawa sangalole munthu wina."

Ndinati zikomo, Mulungu ndi wabwino. Pakamwa panatero ndithu. Koma khasu linandilemera tsiku lonse.

Felisita ndi mng'ono wanga, womaliza m'mimba mwa mayi athu. Anatsatira mwamuna wake ku Kepitauni, komwe ife timangoti ku Kepi, n'kundisiyira ana awiri aakazi. Tadala anali ndi zaka zitatu, Mwayi asanamere ndi dzino lomwe. Anati miyezi isanu ndi umodzi basi. Zinakwana zaka ziwiri. Anga ine ndi anyamata okhaokha, akuluakulu kale, ndiye atsikanawa anandilowa mumtima ngati ndinachita kuwabala ndekha. Mwayi anaphunzira kuyenda atagwira chitenje changa. Malungo atamugwira, amene anagona pasimenti kuchipatala ndine. Onse awiri ankanditchula amayi. Feli ankamuti "amayi a m'foni," poti ankangomuonera pafoni ya achimwene akabwera kumapeto kwa mwezi.

Ndiulule, poti kwa wansembe ndinaulula kale. Feli ndakhala ndikumuchitira nsanje kuyambira kalekale. Chaka chimene mayi anadwala, amene analeka sukulu ndine, Sitandade 7, kuti iye apitirize. Iye anafika Fomu 4. Chizungu ndi chake. Zithunzi za m'mbali mwa nyanja atavala magalasi akuda ndi zake. Ndiye tsopano ana nawonso? Eya, ndi akedi, sindikukana. Koma bwanji sanandiimbire ine mwini wake wowalera? Anadzera kwa achimwene poti ndiwo eni mbumba, akanena iwo palibe wotsutsa. Ine anandiyesa dengu losungiramo katundu.

Mapasipoti atatuluka, Feli anatumiza katundu pa basi ya ku Joni. Munali timadiresi, ndi nsapato za Tadala zoyaka timagetsi akaponda pansi. Zinamukulira pang'ono. Ine ndinali nditamugulira kale tinsapato ta pulasitiki tobiriwira pamsika wa Ntaja, tomukwana bwinobwino. Anangotiyang'ana kamodzi.

"Izi n'za kumunda, amayi."

Ndinatiika pansi m'chikwama changa cha m'manja osauza munthu.

Tinanyamuka Lolemba mu Disembala, chimanga chikufuna kupalira. Amayi anzanga a mphakati analawirira kudzatipempherera pakhonde, bambo akunyumba n'kutiitanira njinga yamoto. Mwayi kumsana, Tadala pakati, sutikesi yobwereka patsogolo pa woyendetsa. Pa Ntaja tinapeza minibasi, n'kudutsa Nsanama, mpaka Liwonde popanda chovuta.

Pa Liwonde ndiye panali kudikira. Tinakwera minibasi ya ku Balaka titaona kuti yatsala pang'ono kudzaza, osadziwa kuti anayi mwa okhalamowo anali oitanira ongosungira mipando. Munthu weniweni akakwera, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete. Tinakhala pafupifupi maola awiri, thukuta lili kamukamu. Kondakitala anamuloza Tadala.

"Mayi, uyutu ndi wamkulu. Alipire mpando."

"Akhala pamwendo."

"Nanga winayo?"

"Miyendo ndili nayo iwiri, bambo."

Anthu anaseka, iye n'kundisiya.

Itadzaza, dalaivala waliza kale injini, kondakitala anawerenga mitu n'kupeza kuti mpando wina pali thumba la anyezi lokha. Mwini wake, bambo wina wa jekete lofiira, anali atatsika kukagula mankhwala a makoswe.

"Tiyeni tizipita, atipeza!" anthu anatero.

"Iyayi, munthu analipira," anatero kondakitala. "Mpando wolipira sungapite wopanda mwini."

Anathamangira kumsika n'kubwera naye atamugwira pamkono, bamboyo akutafunabe chimanga chowotcha, alibe ndi manyazi omwe. Ndinaziona ndipo sizinandidabwitse. Moyo wanga wonse ndimadziwa choncho, kuti ukalipira galimoto imakudikira, ukachedwa wina amabwera kudzakusaka.

Pa Balaka tinagona kwa achimwene. Anatulutsa envelopu ya pulasitiki momwe munali zikalata za kubadwa za ana, ndi kalata yolumbira ya Feli ndi mwamuna wake yonena kuti andilola kuyenda nawo. Kenaka anang'amba chikatoni cha sopo n'kujambula ndege ziwiri. Eni akewo sanakwerepo ndege, koma ankafotokoza ngati ndiwo amaziyendetsa.

"Iyi ikuchotsani pa Chileka kukakutulani pa Joni. Iyi ikakutengani pa Joni mpaka ku Kepi. Pakati apa pali maola awiri. Kunotu maola awiri ndi ambiri, koma Feli akuti kumeneko n'kamphindi."

"Ndamva, achimwene."

"China. Akakakufunsani, musakanene kuti ndinu mayi wawo. Mukanene chomwe chili papepala, apo ayi akakuyesani wakuba ana."

Anandibwerezetsa m'Chizungu katatu kuti mayi wa anawa sindine. Anali mawu aafupi, oti ndi mwana wa Sitandade 3 yemwe anganene, koma ankandikakamira pakhosi ngati mbatata yopanda madzi.

M'mawa mwake achimwene anatiperekeza. Tinadutsa Chingeni, Phalula, n'kuima pa Zalewa pomwe apolisi anatsitsa anthu onse kuti aone katundu. Pamenepo Mwayi anasanzira mango pa diresi latsopano lija la kwa amake. Ndinamuvula n'kumuveka kadiresi kakale komwe ndinamusoketsa ndekha pa Ntaja. Achimwene anadandaula kuti mwana akafika ngati wosasamalidwa. Ine ndinadandaula nawo, koma mkatimu ndinkaimba nyimbo. Pa Lunzu tinataya nthawi ina akutsitsa madengu a tomato padenga, ndipo pa Kameza tinasintha galimoto kulowera ku Chileka. Tikufika, mitambo inali itada bii.

Achimwene anatsala pakhomo, akutibayibitsa ndi chipewa. Sutikesi anaiyeza pasikelo n'kuitenga, muli kaufa koyera ndi nsinjiro za Feli, poti nsanje kaya isakhale nsanje, kwa mng'ono wako supita chimanjamanja. Titakhala pansi m'chipinda chodikiriramo, mvula inayamba, yamphepo, yoti ndege yathu sitinkaiona n'komwe pawindo.

Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa, wa mpango wakuda wophimba mutu ndi mapewa. Anandipatsa moni m'Chiyao, ine n'kuyankha ndi kochepa komwe ndimadziwa. Anati ndi Abiti Saidi, amagulitsa mabulangete pamsika wa Balaka, amakaoda ku Joni. Kale ankayenda pa basi, koma miyendo inayamba kutupa.

"Ana anu?"

"Anga."

"Tikupita kwa amayi a m'foni!" anatero Tadala, akupondaponda pansi kuti nsapato ziyake.

Abiti Saidi anandiyang'ana, n'kuyang'ana ana. "Ohoo," anangotero. Anapempha matikiti athu, n'kuwayang'anitsitsa, n'kuyang'ana wotchi yawo.

"Anzanga, amene anagula izi anakupanikizani. Pa Joni muyenera kudinditsa mapasipoti, kutenga sutikesi, kukaiperekanso, kenaka kufufuzidwa. Ndi ana awiri! Ndiye mvula iyi ikudya nthawi yanu yomweyo."

"Mulungu adziwa," ndinatero.

Anatenga nambala ya Feli paenvelopu, n'kujambula ana, n'kumutumizira. Yankho linabwera nthawi yomweyo, timitima tofiira todzaza foni. Tadala anaipsompsona foniyo. Ine amene ndinamusambitsa m'mawa umenewo sanandipsompsone. Ndinayang'ana mvula ija n'kumaiuza chamumtima kuti igwe ndithu, minda ikufuna madzi.

Tinanyamuka titachedwa ndi mphindi pafupifupi makumi anayi. Za m'ndege sindinena zambiri. Mwayi anamupatsa mpando wakewake ndi lamba, iye n'kumalira kufuna kumsana. Ine dzanja lina ndagwira mwana, lina korona, maso nditatseka. Nditatsegula, minda inali pansi ngati zigamba za pa malaya, kenaka mitambo yokhayokha. Makutu anatseka. Tadala anadya chakudya chake ndi changa chomwe. Mwayi anakana chilichonse.

Bwalo la ndege la pa Joni, abale, si bwalo, ndi tauni yofoleredwa. Tinayenda, n'kuyenda, m'makonde osatha, Abiti Saidi patsogolo akupuma mwa befu, ine pambuyo ndi ana. Panali masitepe oyenda okha. Tadala anakondwa nawo, ine ndinawakwera nditatchula dzina la Yesu. Pamzere wodinditsa mapasipoti tinaima nthawi yaitali, anthu akusuntha ngati a pachigayo magetsi akavuta.

Itafika nthawi yathu, bambo wa pawindo anatenga envelopu ija n'kumawerenga pepala lililonse mosafulumira. Anasuzumira n'kumufunsa Tadala, Abiti Saidi akumasulira ali chapambali.

"Akuti awa ndi ndani?"

"Amayi," anatero Tadala, atandigwira chala.

Bamboyo anayang'ananso pepala, n'kundiyang'ana ine. Pamenepo ndinanena mawu aja a achimwene. Ndinawanena m'Chizungu, mwana ali kumsana akundipumira m'khosi, kuti mayi wawo sindine. Sanamve bwino, ndiye ndinabwereza mokweza. Anadinda. Mapasipoti atatu, kudinda katatu, ndipo kulikonse ndinkakumva m'chifuwa.

Sutikesi yathu inatuluka kumapeto kwenikweni pa lamba wozungulira wotulutsa katundu. Tinaikoka mpaka pa tebulo lina pomwe mtsikana wa yunifolomu anailandira, n'kuzunguliza ndi cholembera nambala ya geti ndi nthawi patikiti, akulankhula mofulumira. Ulendo wa Abiti Saidi unathera pa Joni pomwepo, koma anatikweza nafe mpaka pamwamba, n'kutilozera.

"Mukuona apo anthu akuvula malamba? Mudutse pamenepo. Mukatero muzitsata nambala iyi. Osaima, osayang'ana masitolo, chimbudzi mukachipeza m'ndege. Kwatsala theka la ola kuti atseke. Kwende, kwende, pitani!"

"Mulungu akudalitseni, amayi."

"Inshallah mukafika. Thamangani!"

Anatembenuka n'kumapita.

Ndinayenda masitepe khumi. Kenaka ndinaona benchi.

Mwayi anali asanadye chilichonse chichokereni pa Zalewa, zimenezo n'zoona. Ndinamutsitsa, n'kumasula kamtolo ka zitumbuwa ndi mtedza wokazinga komwe alamu anatimangira pa Balaka. Mutu unkandiuza kuti mipando itatu yolipira, ndalama zambiri chotero, ndege inganyamuke bwanji ili yopanda anthu? Awerenga mitu, aona kuti mayi wa ana awiri palibe, atuma munthu kudzatisaka. Ndinkakhulupiriradi zimenezo, theka. Theka linalo linali lina. Linkati, nanga itatisiya? Feli adzaone kuti si zonse zimatheka ndi tikiti. Mwina atibweza kwathu. Khirisimasi ana adyera kwa Kawinga, Mwayi agona pamphasa yake pafupi ndi ine.

Ndinatulutsa korona n'kupemphera pemphero lomwe mpaka lero limandichititsa manyazi. Ndinati, Ambuye, ngati n'kufuna kwanu, itisiye.

Ndinamudyetsa Mwayi pang'onopang'ono, kumubenthulira tizidutswa tating'ono ngati ndikudyetsa anapiye. Ndinamupukuta pakamwa. Ndinamukonza Tadala tsitsi lomwe linali lokonza kale. Panadutsa mayi wina akukankha mwana pa kangolo, mwamuna wake atanyamula zikwama, akuseka. Nayenso ndinamuchitira nsanje, munthu wosamudziwa, poti mwana wakeyo ankapita naye kwawo.

"Amayi, sitikupita?" anafunsa Tadala.

"Atiitana, mwanangu. Idya mtedza."

Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Wallahi! Mayi inu! Mwayesa pano ndi pa Liwonde?"

Anali Abiti Saidi, mpango utapendekeka, thukuta lili chuchuchu, foni m'manja.

"Tinalipiratu, amayi. Abwera kudzatiitana."

"Abwera ndani? Kuno kulibe kondakitala! Nthawi ikakwana amatseka, kaya munalipira kaya ndinu mkazi wa nduna. Sutikesi aitsitsa, matikiti apsa, mugona pabenchi pomwepa ndi anawa!"

Atatero anandiyang'anitsitsa, kuyang'ana zitumbuwa zoyalidwa bwinobwino pachitenje, kuyang'ana korona.

"Kapena mukudziwa chimene mukuchita?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mng'ono wanu wandiimbira katatu. Ndinali nditafika kale pakhomo. Eni ake ndi awa, muwauze nokha."

Anandiika foni pakhutu. Ndinkayembekeza mawu a Feli wa pazithunzi, wa Chizungu chosakaniza. Amene ndinamumva anali Feli wakale, yemwe ankandigwira chitenje tikamadutsa pamanda popita kumjigo.

"Achemwali, mwadutsa? Ine ndili kuno kubwalo la ndege kuyambira masana. Abwana andipatsa lero lokha."

Ndinayang'ana Mwayi akutafuna chitumbuwa.

"Achemwali, ndikufunseni. Mwayi akandiona athawa eti? Amakonda chiyani? Akalira mumamutani? Ine sindidziwa chilichonse cha mwana wanga. Kuno tsiku lonse ndimalera mwana wa eni, ndimadziwa phala lomwe amakonda, ndimadziwa kulira kwake kwa tulo ndi kwa njala. Koma wanga ine, dzino lake loyamba munaliona ndinu."

Anayamba kulira.

"Ndinkaopa kukuimbirani, n'chifukwa chake ndinadzera kwa achimwene. Ndikamva akukuitanani kuti amayi, ndimadula foni n'kukadzitsekera kubafa. Ndimakuchitirani nsanje, achemwali. Mulungu andikhululukire, inu mwandilerera ana, koma ndimakuchitirani nsanje."

Ine? Wa Sitandade 7, wa zidendene zong'aluka? Zaka ziwiri ndinkayang'ana magalasi ake akuda, osadziwa kuti iye akuyang'ana msana wanga.

"Tikubwera," ndinangotero.

Zitumbuwa zinatsala pabenchi. Ndinamuponya Mwayi kumsana n'kumanga chitenje mfundo ziwiri, monga ndimachitira powoloka mtsinje utadzaza. Pofufuzira anthu panali mzere. Abiti Saidi sakanatha kudutsa poti analibe tikiti ya kumeneko, koma anaima pachingwe n'kumakuwa m'Chizungu chawo cha pamsika, akuloza ana, akuloza wotchi. Anthu anapatuka. Mzungu wina wachikulire ananyamula yekha chikwama changa n'kuchiika m'beseni.

Kenaka mayi wofufuza anandiuza ndi manja kuti nditsitse mwana. Mfundo ziwiri zija! Ndinalimbana nazo ndi zala, kenaka ndi mano. Mwayi anadutsa pakhomo la chitsulo lofufuzira anthu yekha akulira, Tadala pambuyo pake. Nditadutsa ine, khomolo linalira. Ndinabwerera. Linaliranso. Inali korona, yomwe ndinaikolowetsa m'khosi pothamanga. Ndinaivula, n'kudutsa, n'kuberekanso mwana. Nditacheuka, Abiti Saidi anali akadali pachingwe, akundikupiza ndi manja onse awiri ngati akuingitsa nkhuku.

Tinathamanga. Sitandade 7 yanga inandithandiza, poti manambala ndimawerenga. Nsapato ya Tadala inavuka, ndinabwerera n'kumuveka. Inavukanso pafupi ndi sitolo ya mafuta onunkhira, ndinamuvekanso. Chikwangwani chinaloza pansi, pa masitepe oyenda okha aja, ndipo titangopondapo inavuka kachitatu n'kutsala pamwamba, ife tikutsika, iyo ikuphethira timagetsi take yokha.

"Nsapato yanga! Amayi, nsapato yanga!"

"Isiye!"

Ndinamunyamula m'chiuno. Wina kumsana, wina pambali, chikwama m'khosi, envelopu ndaluma ndi mano. Ndinasenzapo mitolo ya nkhuni yolemera kuposa pamenepo kuchokera kuphiri, koma sindinathamangepo nayo. Chifuwa chinkawotcha. Pemphero langa tsopano linali la mawu awiri okha, Ambuye imitseni, Ambuye imitseni, ndipo ndinkadziwa kuti Iwo akukumbukira lomwe ndinapempha poyamba.

Pageti panalibe munthu wokwera ndi mmodzi yemwe. Mipando yonse mbee. Mtsikana wa yunifolomu anali akukoka chitseko chagalasi. Kuseri kwake, panja, ndinaona chinthu chomwe sindinkachiyembekeza pabwalo la ndege: basi. Basi yeniyeni, yodzaza anthu oimirira, yowatengera komwe ndege inaima, chitseko chake chikadali chotsegula.

Chizungu chonse chinathawa. Ndinalavula envelopu ija n'kukuwa ngati ndili padepoti.

"Imani! Tilipo! Anthu atatu!"

Mtsikanayo anacheuka. Anatola envelopu pansi, n'kuona matikiti, n'kulankhula pa kawailesi kake. Anadikira yankho. Ine ndinkangomva mtima wa Mwayi ukugunda pamsana panga. Kenaka anapukusa mutu, n'kundionetsa chala chimodzi, kuti ikanapita mphindi imodzi yokha akanatisiya. Anakankha chitseko.

M'basimo anthu ankatiyang'ana, ena mokwiya, ena akumwetulira. Tadala ankasisima, phazi lina lili ndi sokosi yokha. Ndinagwada pomwepo, n'kupisa pansi pa chikwama, n'kutulutsa tinsapato tobiriwira tija. Sanakane. Anagwedeza phazi n'kunena kuti, "Izi sizivuka." Ndisaname, zinandikomera.

Ku Kepi tinafika nthawi itadutsa seveni koloko, koma dzuwa likadali pamwamba ngati kwathu faifi koloko. Phiri lawo lija lathyathyathya ndinangoliona pawindo. Feli anaima kutsogolo kwenikweni kwa anthu odikira, mwamuna wake pambali. Anali wowonda kusiyana ndi pazithunzi, wopanda magalasi, manja otuwa ndi sopo.

"Amayi a m'foni!" Tadala anandisiya dzanja n'kuthamanga.

Feli anamukumbatira, kenaka anadzuka n'kubwera kwa ine, maso ali pamsana panga. Anatambasula manja.

"Mwayi. Bwera, mwanangu."

Mwayi anabisa nkhope pakati pa mapewa anga, n'kundikanikiza ndi mawondo. Feli atamukhudza mwendo, anakuwa kukuwa koti anthu onse anacheuka. Manja a Feli anatsala m'malere. Sankadziwa kowaika.

Kamphindi kamodzi zinanditsekemera. Ndikunena kuti mudziwe munthu amene mukumupempherera. Koma ndinayang'ana nkhope ya mng'ono wanga, ndipo ndinamuuza monga ndinkamuuzira ali wamng'ono.

"Werama."

"Achemwali?"

"Werama, iwe. Tembenuka."

Anawerama pakati pa anthu onsewo. Ndinamasula mfundo, n'kumusendeza Mwayi kuchoka pamsana panga kupita pa wake osamutsitsa pansi, n'kumufunditsa chitenje changa chomwe chija, chofiirira chothetheka, chonunkha utsi wa kukhitchini kwanga ndi thukuta la pa Joni. Ndinamumangira ndekha pachifuwa.

"Usamulankhule. Uziyenda basi, uzimugwedeza pang'ono. Dzanja ulipititse kumbuyo, uzimusisita phazi lakumanzere. Amagona ndi limenelo."

Mwayi analira mpaka pakhomo. Kenaka ananunkhiza chitenje, n'kulowetsa nsonga yake m'kamwa monga amachitira, kulira n'kumachepa. Tisanafike pomwe panaima galimoto anali atagona, tsaya lili pa msana wa amake. Feli ankayenda ngati wasenza mazira, misozi ikungotsika, osayerekeza kuipukuta. Ine ndinkabwera pambuyo ndi chikwama. Kumsana kunkandizizira.

Ndinakhala nawo milungu iwiri m'kachipinda kawo kamodzi. Ndinamuphunzitsa Feli phala la Mwayi, kuti nsinjiro zikhale zambiri, shuga pang'ono. Iye anandiperekeza kunyanja n'kundibwereka magalasi aja kuti andijambule. Ndi apulasitiki, mwendo umodzi womanga ndi ulusi. Pobwerera ndinali ndekha, ndipo pa Joni sindinayang'ane benchi ndi kamodzi komwe. Chitenje ndinachisiya. Feli anafuna kuchichapa, ndinamuletsa kuti adikire kaye mwezi.

Abiti Saidi ndinakawapeza pamsika wa Balaka, n'kuwapatsira nkhuku. Anaitana anzawo onse a mabulangete kuti adzaone mayi amene ankadikira kondakitala wa ndege. Za funso lija anandifunsa pabenchi sanauze munthu. Mulungu awasunge mayi amenewo.

Ndikanakonda kulemba kuti nsanje inathera pa Joni, koma ndinganame. Mwezi watha achimwene anabwera ndi foni yawo, tinaimba. Tadala anandionetsa yunifolomu ya sukulu. Kenaka Feli anamukweza Mwayi kuti andione, wanenepa, chitenje chija wachigwira m'manja. Anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kucheukira amake.

"Amayi, onani! Amayi a m'foni!"

Ndinaseka nawo mpaka foni inaduka. Kenaka ndinatenga khasu n'kupita kumunda, ngakhale kunalibe chopalira.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, chonde mukamagwada muzititchulako. Mutchule Felisita ndi mwamuna wake, kuti ntchito isawathere m'dziko la eni. Mutchule Tadala ndi Mwayi, akule ndi mayi wawo, asaiwale njira ya kwa Kawinga. Ndipo pomaliza mutchuleko ine, mayi wawo wa m'foni, kuti Ambuye amene anakana pemphero langa loyamba n'kumva lachiwiri apitirize kundisankhira chotero.